Masekondi 30 okha: mungaifotokoze bwanji bizinesi yanu munthu asanatembenuke?

 Kaya muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku ku Manchester, kaya muli pa Park Station ku Joni mukudikira katundu, kaya muli ku South Bend mukulimbana ndi chisanu, takulandirani. Lero mlendo palibe, ndili ndekha. Ndiye mundipirire, chifukwa ndiyamba ndi nkhani yondichititsa manyazi.

Tsiku lomwe pakamwa panga panandiluzitsa ntchito

Zaka zingapo zapitazo ndinali nditangotsegula kampani yanga yoyeretsa nyumba kuno ku Leeds. Ntchito yathu ndi iyi: munthu akamasamuka m'nyumba ya lendi, ine ndi anzanga awiri timalowa n'kuitsuka yonse, uvuni, bafa, makapeti, mawindo, kuti pobweza makiyi nyumba ikhale ili mbee. Amene mumaidziwa Leeds mukudziwa kuti ku Headingley ndi ku Hyde Park, komwe kumakhala ana ambiri a ku yunivesite, mapangano ambiri a lendi amatha kumapeto kwa June, atsopano n'kulowa pa 1 July. Sabata imeneyo oyeretsa amachita kusowa.

Ndiye tinali pa phwando la 6 July, lokumbukira ufulu wa dziko lathu, muholo ina. Anti ena a kutchalitchi kwathu anandikoka dzanja. Akuti, "Bwera kuno mwana wanga, udzawapatse moni ankolo awa. Amayang'anira nyumba zambiri za lendi." Tinalonjerana bwinobwino, kwanu n'kuti, munabwera liti, kumudzi ali bwanji. Kenako ankolo aja anafunsa funso limene tonsefe timafunsidwa: "Nanga inu mumachita chiyani kuno?"

Tamvani yankho langa. "Aaa, ankolo, timangoyesayesa basi. Timaganyu apa ndi apo. Poyamba ndinali ku care, mpaka pano nthawi zina ndimapitako. Kumudzi ndinaphunzira za akaunti, koma mukudziwa kuno mapepala athu aja. Ndiye pano tikuyesako zokonzakonza m'nyumba, kaya zitheka kaya."

Ankolo anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Limbikirani." Basi, ulendo pamzere wa chakudya.

Patapita milungu itatu anti aja anandiimbira foni ali okhumudwa. Zinapezeka kuti ankolo aja anali atavutika kwambiri sabata ya 1 July, ndipo ankafuna woyeretsa wokhazikika. Nyumba zawo zonse anazipereka ku kampani ina. Anti atawafunsa kuti, "Bwanji simunam'patseko mwana uja?" iwo akuti, "Uti? Uja wa ku care?"

Uja wa ku care. Anzanga, ankolo aja sanandimane ntchito. Iwo sanamve n'komwe kuti ndili ndi kampani. Ndinali ndi vani panja, makina otsukira makapeti, inshuwalansi yolipiridwa kale, koma pa ziganizo zisanu zomwe ndinayankhula, palibe chimodzi chomwe chinawauza zimenezo.

Kodi pitch n'chiyani?

Azungu amachitcha *elevator pitch*. Ganizo lake ndi lakuti mwakwera chikepe limodzi ndi munthu amene angakugulireni malonda kapena kuika ndalama mu bizinesi yanu, ndipo muli ndi nthawi yokhayo chikepe chisanaime. Ndi masekondi 30, akachuluka 60. Sikuti zimachitikiradi m'chikepe ayi. Zimachitikira pa ukwati, pa geti la sukulu ya ana, kutchalitchi mapemphero atatha, mu saluni. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndipo musaganize kuti ndi luso lachilendo. Amene munakulira ku Blantyre, kumbukirani woitanira minibasi: "Limbe Limbe! Awiri tinyamuke!" M'mawu anayi okha wakuuzani komwe ikupita, malo otsala, ndiponso kuti mufulumire. Kumbukiraninso amayi a pa Lizulu basi ikangoima. Amafika pawindo, mbatatesi m'mwamba, mtengo watchulidwa kale, chifukwa akudziwa kuti dalaivala sadikira. Palibe mayi amene amayamba n'kufotokoza mmene anavutikira kupeza feteleza. Luso tili nalo. Chimene chimachitika n'chakuti tikangovala jekete n'kuima pamaso pa munthu waulemu wake, timalisiya pakhomo.

Tsopano mfundo yaikulu ya lero ndi imodzi, ndipo mukaiwala zina zonse musunge iyi. Pitch yabwino ndi imene womvera angathe kukaibwereza kwa munthu wina mawa, inu kulibe. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zambiri amene mukuyankhula naye si kasitomala wanu. Kasitomala ndi mchemwali wake, bwana wake, kapena neba wake. Mawu anu ayenera kuyenda okha pakamwa pa ena. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukam'patsa munthu nkhani yosokonekera, akakanena za m'maluwa, ngati mmene ankolo aja anachitira. Vuto silikhala iye.

Zinthu zinayi zofunika kukhalamo

*Choyamba: mumathandiza ndani, ndipo vuto lake n'chiyani?*

Ambirife timayamba ndi ife eni: dzina la kampani, chaka chomwe tinayamba, maphunziro athu. Womvera sizimukhudza zimenezo, osati chifukwa ndi woipa mtima, koma chifukwa aliyense amatchera khutu akamva vuto lomwe akulidziwa.

Ine ndinachita kukhala pansi n'kudzifunsa: munthu amandiitana chifukwa chiyani? Si chifukwa amakonda ukhondo, popeza nyumbayo akuisiya. Amandiitana chifukwa akuopa kudulidwa dipoziti. Kuno ku England, kuchokera mu 2019, lamulo limati dipoziti isapitirire lendi ya milungu 5 ngati lendi ya pachaka siikufika £50,000. Ndiye amene amalipira £900 pamwezi akhoza kukhala ndi ndalama zoposa £1,000 zomwe akudikira kuti zibwerere. Ndipo litsiro ndi chimodzi mwa zinthu zomwe eni nyumba ndi alendi amakanganirana kwambiri. Pamenepo mpamene pali bizinesi yanga. Sindigulitsa sopo. Ndimagulitsa mtendere wa mumtima pa tsiku lobweza makiyi.

Chitani chimodzimodzi ndi yanu. "Ndimaluka tsitsi" ndi zoona, koma oluka tsitsi ndi ambiri. Yerekezani ndi iyi: "Ndimaluka tsitsi la ana kunyumba kwawo Loweruka, kuti amayi asathere tsiku lonse ku saluni." Mayi aliyense wa ana aakazi wamva kale kuti mukunena iyeyo. Ndipo musaope kuti mukatchula gulu limodzi la anthu muthawitsa ena. Amene amati "ndimathandiza aliyense" sakumbukiridwa ndi aliyense.

*Chachiwiri: mumachita chiyani kwenikweni?*

Nenani ndi mawu oti agogo anu kumudzi angamve. Pali matenda ena omwe timatenga kuno kunja, oyankhula ngati chikwangwani cha kampani yaikulu: timapereka mayankho amakono, timakweza miyoyo, ndi zina zotero. Mayankho a chiyani? Ngati mumatumiza migolo ndi makatoni ku Lilongwe, nenani kuti mumatumiza migolo ndi makatoni ku Lilongwe. Ngati mumaphika pa maukwati, nenani choncho, mutchulenso kuti mungaphikire anthu angati.

Komanso tchulani bizinesi imodzi. Ndikudziwa, ambirife tili ndi mageni atatu kapena anayi, ndi mmene timapulumukira. Koma mukati mumaluka tsitsi, mumagulitsa zitenje, mumaphika mandasi komanso mumajambula zithunzi, womvera amachoka opanda chilichonse m'mutu. Yang'anani amene ali patsogolo panuyo, musankhe imodzi yomwe ikumukhudza. Zinazo adzazidziwa mukazolowerana.

*Chachitatu: umboni umodzi.*

Aliyense amati ntchito yake ndi yabwino, ndiye mawu oti "yabwino" alibenso kulemera. Perekani chinthu chimodzi chogwirika. Mwina ndi nambala: maukwati angati omwe mwaphikira chaka chino. Mwina ndi lonjezo: ife timati eni nyumba akadandaula za ukhondo pasanathe masiku awiri, timabwereranso ulere. Mwina ndi dzina la kasitomala wodziwika, ngati mwiniwake walola kuti mum'tchule.

Apa ndichenjeze. Musakokomeze. Ine sindilonjeza kuti dipoziti yonse ibwerera, chifukwa mwina munthu anaswa chitseko, zimenezo sizitsukika. Ndimalonjeza zomwe zili m'manja mwanga basi. Gulu lathu kunja kuno ndi laling'ono. Mukanama Loweruka, pofika Lolemba nkhani ili kale pa gulu la WhatsApp, ndipo yafikanso kumudzi.

*Chachinayi: pempho.*

Apa mpamene ambiri timagwera. Timafotokoza bwino, kenako n'kungomwetulira, kudikira kuti winayo aganize yekha chochita. Iye amati "zabwino kwambiri," nkhani n'kuthera pomwepo. Malizani ndi pempho laling'ono, losavuta kuvomera. Osati "mundithandize," chifukwa munthu sadziwa kuti ayambira pati. Nenani kuti, "Ndingatenge nambala yanu ndikutumizireni zithunzi za ntchito yathu madzulo ano?" Kapena, "Mukudziwa wina amene akusamuka mwezi uno?" Ndipo nambala muzitenga inuyo. Mukangopereka yanu, mwasiya bizinesi yanu m'thumba la munthu wotanganidwa.

Mmene yanga imamvekera pano

Ndikakumana ndi munthu wamba ndimati:

"Ndimathandiza anthu amene akusamuka m'nyumba za lendi kuno ku Leeds kuti asadulidwe dipoziti chifukwa cha litsiro. Timatsuka nyumba yonse tsiku limodzi, mpaka uvuni ndi makapeti. Eni nyumba akadandaula pasanathe masiku awiri, timabwereranso ulere. Mukudziwa wina amene akusamuka posachedwa?"

Koma ndikanakumananso ndi ankolo aja, mawu amenewa sakanawagwira mtima, chifukwa dipoziti si yawo. Vuto lawo ndi lina. Kwa iwo ndikanati:

"Ndili ndi kampani yoyeretsa nyumba za lendi. Wina akatuluka m'mawa, pofika madzulo nyumba imakhala yokonzeka kulowa wina. Tili ndi inshuwalansi, ndipo timatumiza zithunzi za chipinda chilichonse tikamaliza. Tipatseni nyumba imodzi mwezi uno muone ntchito yathu."

Mwaona? Bizinesi ndi yomweyo, koma khomo lolowera ndi losiyana. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa kaye winayo zomwe amachita musanayambe zanu. Mukamvetsera kwa mphindi imodzi, mudziwa kuti mutulutse iti.

Nanga si kudzitama kumeneku?

Ndikudziwa kuti ena mukumvera muli ndi funso limeneli, chifukwa inenso linandivuta. Tinaleredwa kuti mwana wamakhalidwe sadzichemerera. Munthu akatiyamikira timati "tikuyesetsa." Nyumba yathu timati kanyumba, bizinesi timati kabizinesi. Ndi ulemu wabwino, ndipo sindikunena kuti tiutaye. Moni perekani mokwanira, akuluakulu muwalemekeze monga mwa nthawi zonse.

Koma taganizirani. Ankolo aja anali ndi vuto lenileni, ine ndinali ndi yankho lake, ndipo ndinawabisira. Kodi umenewo ndi ulemu? Kudzitama ndi kunena kuti "palibe wondiposa." Kunena kuti "ndimachita chakutichakuti, kwa anthu akutiakuti" ndi kungopereka uthenga. Kuonjezera apo, Mmalawi mnzanu akamva "timangoyesayesa" mwina amadziwa kuti mukudzichepetsa. Mngelezi kapena Mmereka amatenga mawuwo mmene alili, amangoti munthuyu sanatsimikize za ntchito yake. Fumbi ndiwe mwini, anzanga. Kunja kuno kulibe amalume oti akakuyankhulireni.

Phunziro la Levi Roots

Amene muli ku UK mwina munauonapo m'mashopu msuzi wotchedwa Reggae Reggae Sauce. Mwini wake ndi Levi Roots, wobadwira ku Jamaica, amene anakulira ku Brixton mu London. Mu 2007 anapita pa pulogalamu ya BBC ya Dragons' Den, pomwe anthu amafotokoza bizinesi zawo pamaso pa anthu achuma. Iye analowa ndi gitala akuimba za msuzi wakewo. Pa nkhani ya manambala anasokoneza kukula kwa oda yomwe ankati walandira, ndipo ena mwa achumawo anamukana. Koma awiri, Peter Jones ndi Richard Farleigh, anam'patsa £50,000 posinthana ndi gawo la 40 peresenti la kampaniyo. Pasanapite nthawi msuzi uja unali m'mashopu a Sainsbury's.

Ine ndimatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, sanabise kwawo. Chijamaika chake ndi chimene chinapangitsa kuti aliyense woonera akathe kufotokozera mnzake m'mawa mwake. Ndiye ngati mumaphika nsima ndi nkhwani wotendera, musazitche dzina lachilendo pofuna kuoneka apamwamba. Chachiwiri, manambala anatsala pang'ono kum'gwetsa. Pitch ikagwira, pamabwera mafunso: mtengo ndi zingati, phindu ndi zingati, mungakwanitse zochuluka bwanji pa sabata. Mayankho amenewa akhale okonzeka, chifukwa si tonse tili ndi gitala yotipulumutsa.

Kukonzekera kwake

Lembani kaye zonse zomwe mukufuna kunena, kenako muyambe kudula. Pa Chingerezi munthu amayankhula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, ndiye masekondi 30 ndi mawu ngati 70 kapena 75. Pa Chichewa achepe kuposa apo, chifukwa mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "tidzakubwezerani" pa Chingerezi ndi chiganizo chathunthu. Musadalire kuwerenga mawu kokha, tengani foni mudzitchere nthawi.

Konzani ziwiri, ya Chichewa ndi ya Chingerezi, ndipo iliyonse muipange payokha. Mukamasulira liwu ndi liwu imamveka ngati chilengezo cha pa wailesi. Inu amene munabadwira kuno, Chichewa chikumakuvutani pang'ono, musachite manyazi. Moni ndi chiganizo choyamba zikhale za Chichewa, zotsalazo sakanizani. Akuluakulu amasangalala kuti mwayesa. Amene muli ku South Africa, ngakhale moni wa Chizulu yekha amatsegula khutu la kasitomala.

Za kayankhulidwe: ambirife tikachita mantha timathamanga ndiponso timatsitsa mawu. Chepetsani liwiro. Katchulidwe kanu ka Chimalawi si vuto, vuto ndi kuthamanga. Dzina la bizinesi ndi nambala iliyonse muzitchule pang'onopang'ono. Ndipo musaloweze ngati ndakatulo ya ku pulayimale, chifukwa munthu akakudulani pakati mudzasowa poyambira. Sungani m'mutu zinthu zinayi zija, mawu azisintha okha.

Mukamaliza, khalani chete. Izi zinanditengera nthawi kuti ndiphunzire. Ukangomaliza pamakhala kachetechete kena, ndiye umafuna kukadzaza, n'kuyamba kutsitsa mtengo munthu asanafunse n'komwe. Dikirani. Mpatseni mpata ayankhe.

Chenjezo limodzi kwa ana asukulu. Ngati muli kuno ku UK pa Student visa, malamulo ake salola kudzilemba ntchito nokha kapena kuyendetsa bizinesi. Ma visa ena nawonso ali ndi malire ake. Musanayambe kulengeza geni yanu pagulu, werengani zomwe visa yanu imalola pa webusaiti ya boma, kapena funsani ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja pa sukulu yanu. Luso lokhalo phunzirani, lidzakuthandizani ngakhale pa intavyu ya ntchito.

Ntchito ya sabata ino

Nayi homuweki. Jambulani pitch yanu pa voice note ya WhatsApp, isapitirire masekondi 30. Tumizani kwa munthu mmodzi amene sadziwa bwino zomwe mumachita. Musam'funse kuti "yamveka bwanji?" chifukwa adzangoti ili bho, safuna kukukhumudwitsani. Dikirani mpaka mawa, mum'imbire, mum'funse kuti, "Tandiuza, ine ndimapanga chiyani, ndipo ndimapangira ndani?" Zomwe angayankhezo ndiye pitch yanu yeniyeni. Akaphonya, musakwiye naye. Bwererani mukadule, muyesenso ndi munthu wina.

Ine ndinayesa kanayi isanakhale bwino. Miyezi ingapo pambuyo pake ndinaiyankhula kwa nesi wina titaima pa geti la sukulu. Iye sankasamuka, anangoti "chabwino" n'kutenga mwana wake. Patatha sabata ziwiri foni inalira, nambala yachilendo, mayi amene sindinakumanepo naye, wogwira ntchito limodzi ndi nesi uja. Funso lake loyamba linali lakuti, "Kodi ndinu a dipoziti aja?" Ndinati eya, ndi ine. Nyumba ya mayiyo inali yoyamba mwa zinayi zomwe ndinapeza kudzera pa wodi imodzi ya chipatala.

Ankolo aja timaonanabe pa zochitika, ndipo pano amadziwa zomwe ndimachita. Koma kampani ija ikuwagwirira bwino ntchito, alibe chifukwa choisiyira. Imeneyo inapita basi.

Mukajambula yanu, titumizireni pa nambala ya pulogalamu ino. Tidzasankha zingapo, eni ake akalola, n'kuzimvera limodzi mu gawo likubwerali, tione pomwe zagwira ndi pomwe zikufunika kudula. Gawo lino mugawireko mnzanu amene ali ndi geni koma akafunsidwa amangoti "timangoyesayesa."